Kopo Imene Anamwa a Faustino

A Faustino sanaphepo njoka moyo wawo wonse, koma Tsangano yense ankawatcha a Chinjoka. Ankalondera posito ya ofufuza zachilengedwe kuphiri uko: nyumba ya malata, timinda toyesera mbatatesi, dambo la achule kumunsi, ndi chipinda cha mabotolo momwe njoka ndi abuluzi akufa ankasungidwa m'sipiliti. Ana a sukulu akabwera ndi apulofesolo awo, a Faustino ankawatsogolera kudambo atapinda buluku, kenaka kumabotolo. Ana akakuwa iwo ankaseka, chonsecho eni akewo akaona njoka yamoyo ankathawa kusiya nsapato.

Nkhondo itakula, ofufuza anakwera galimoto, ana analeka kubwera. A Faustino anatsala, kumapukuta mabotolo.

"Anzanu onse anathawira ku Ntcheu," ankatero a Clara, akazi awo. "Inu mukulondera mitembo ya abuluzi?"

Mmawa wina kunatulukira anyamata amfuti. Anakumba mbatatesi, anagwira nkhuku. Mmodzi anatsegula botolo nanunkhiza.

"Shefe, mdalayu akubisa kachasu!"

"Si mowa umenewo, ana anga," anatero a Faustino. "Ndi mankhwala. Amapha maso."

Shefeyo, mkulu wawo, anaseka. "Tiyu, malume wanga, mwatsala nokha kuno ndi mowa wonsewu, lero mukuti umapha? Lawani. Mukakana, alawa amayiwa."

Anavuula mphiri m'botolo, nadzaza kopo. A Faustino anayang'ana akazi awo, anayang'ana dambo ndi mitengo ya paini, osaphethira, mpaka wina anawagunda ndi mfuti kumsana. Anamwa yonse, munthu woti pa ukwati wake anangomwa thobwa.

Poona kuti sanagwe, anyamatawo anakhuthulira njoka pabwalo, nasenza mabotolo. Zomwe zinawaonekera kuthengoko sitinamve. A Clara anawasanzitsa amuna awo ndi madzi a mchere, namanga katundu, poti anyamatawo akadwala n'kubwerera sakanafunsa zambiri.

Awiriwo anathawa, nagona m'tchire. Tsiku lotsatira a Faustino anadzuka akutikita m'maso.

"Clara, nkhungu ya lero yanyanya. Tidikire iyere."

Dzuwa linali likuswa mtengo. A Clara anang'amba chitenje, anamanga mbali ina padzanja la amuna awo, ina m'chiuno mwawo.

"Mukundimangiranji ngati mbuzi?"

"Nyamulani miyendo, bambo. Pali mwala apo."