Onse Analimaliza Buku Losatseguka

Buku langa labwerako, anthuni. Linachoka pakhomo panga ku Chilomoni mvula isanayambe chaka chatha, ndipo labwera Lachiwiri lapitali m'manja mwa Esinati, mwana wa mlongo wanga wa ku Ndirande. Analiika patebulo asanakhale n'komwe pansi.

"Malume," anatero, "ndili ndi funso limodzi. Anthu onse aja analimaliza bwanji bukuli?"

Koma ndiyambe ndakuuzani za bukulo, kuti mumvetse chimene chikundiwawa sabata yonse ino.

Ndi buku la Chingerezi, nkhani yopeka ya m'tsogolo. Ndinaligula kwa munthu wina woyala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe. Limasimba za mzinda waukulu wothithikana, kumene anthu amalumikiza mitu yawo ku makompyuta ndi waya, n'kulowa m'kati mwa makinawo kukaba zinsinsi za makampani olemera. Akuti kunja kuja achinyamata apenga nalo. Ine ndinalikuta ndi pepala la simenti tsiku lomwelo, chifukwa pachikuto pake pali mkazi wovala buluku, ndipo sindinafune kuyankha mafunso m'basi.

Koma bukulo linali ndi vuto. Linavumbwapo ndi mvula lili kwa wogulitsa uja, ndiye kuyambira cha pakati mpaka kumapeto masamba ake anamatana gwa, ngati njerwa. Ukati utsegule, pepala linkang'ambika. Ndinawerenga mpaka pamene linandilola, n'kuliponya pamwamba pa kabati.

Kenaka kunabwera a Chikopa, okonza mawailesi mumsika wa Ndirande. "Ndibwerekeni masiku atatu basi, achimwene." Inu mumawadziwa masiku atatu a munthu wobwereka buku. Linachoka kwa a Chikopa kupita kwa aphunzitsi a Zuze, amene anapuma ntchito, kuchoka apo kupita kwa Che Amidu atelala. Atatu onsewa amakumana pakhonde la Che Amidu madzulo alionse kusewera bawo, ndipo bukulo linasanduka nkhani ya pakhondepo kwa miyezi.

Aliyense anali ndi zake. A Chikopa ankati bukulo ndi ulosi. "Zaka zikubwerazi aliyense adzakhala ndi soketi pankhongo. Ine ndiye ndidzalemera, chifukwa mitu ikamavuta muzidzabwera nayo kwa ine."

Aphunzitsi a Zuze ankagwedeza mutu. "Chizungu chake n'chothyokathyoka. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga, ndikanamubweza akalembenso. Ndiponso mulibe tchalitchi, mulibe ukwati, mulibe ngakhale munthu mmodzi wopita kumaliro a mnzake. Ndi anthu amenewo?"

Che Amidu ndiye ankathira mchere. "Kumapeto kuja mwini nkhani uja amapenga. Ubongo kupserera ngati nsalu yoiwalidwa pansi pa simbi!"

Zikanathera pamenepo, bwenzi lero ndikuseka nanu. Koma pakhonde lomwelo pamakhalanso alamu anga, a Mailosi, bambo ake a Esinati. Ndi kalipentala wabwino, munthu wofatsa, wokonda ana ake. Chingerezi sawerenga, koma makutu ali nawo. Amakhala pambali kudikira kuti alowe bawo, n'kumamva zonse.

Tsono Esinati amagwira ntchito yotayipa pa ofesi ina m'tauni. Mwezi wathawu abwana ake anagula kompyuta. Pankafunika munthu mmodzi woti apite ku Lilongwe miyezi itatu kukaphunzira kuigwiritsa ntchito, ndipo pobwerako akwezedwe. Anawayesa onse a mu ofesimo, Esinati n'kuposa anzake. Abwana anati akauze makolo, popeza ndi mtsikana wokhala pakhomo pa bambo ake, ndipo abweretse yankho pofika Lachisanu.

A Mailosi anakana kwa mtu wa galu. "Mwana wanga ndiye ayi. Aphunzitsi awerenga, a Chikopa awerenga, Che Amidu awerenga. Anthu atatu anganame onse? Ine ndilere mwana, wina akamulowetse waya m'mutu?"

Esinati anafotokoza kuti chinthucho n'chimodzimodzi makina otayipira, kungoti zolembazo zimaoneka pagalasi. Bambo ake anati iye ndi mwana, sanawerenge bukulo.

Apa ndi pamene ndikulowapo ine, ndipo sindikulowa bwino. Lamulungu la sabata imeneyo, titatuluka m'tchalitchi, alamu anakwera chitunda mpaka kwathu. Anavula chipewa, nakhala pampando. "Alamu," anatero, "inu ndinu malume ake, mwana ndi wanu. Bukunso ndi lanu. Ndiuzeni zoona, makinawa amapengetsadi anthu?"

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatsokomola pang'ono, kukonza magalasi, n'kunena kuti, "Eya, m'bukumo zoterozo zilimo ndithu. Koma nkhani yake ndi yozama, alamu, si yomva wina aliyense."

Basi. Sindinanene kuti ndi nkhani yopeka, yochokera m'mutu mwa munthu. Sindinanene kuti mwanayo apite. Sindinanene mawu amodzi ophweka akuti "sindinalimalize". Munthu ngati ine, wolemba m'nyuzipepala sabata iliyonse, avomere pamaso pa kalipentala kuti buku linamukanika? Ndinkaganiza kuti ndidzatsikira ku Ndirande m'kati mwa sabata kukailongosola bwino nkhaniyo. Lachisanu linakwana ndisanapiteko. Malo aja anapatsidwa bambo wina wa mu ofesi momwemo, amene Esinati akuti amatayipa ndi zala ziwiri.

Mwanayo sanalire pamaso pa munthu. Anapita kwa Che Amidu, kugwada bwinobwino, n'kupempha buku limene lamudyera mwayi wake kuti alione ndi maso ake. Atafika pakati, anapeza njerwa ija ili chimatirire. Palibe tsamba ngakhale limodzi limene linatsegulidwapo. Anatenga ketulo, kuwiritsa madzi, n'kumaika bukulo panthunzi. Tsamba likafewa ankalitsegula ndi mpeni wodulira buledi, n'kuliyanika. Akaweruka kuntchito, masamba asanu kapena khumi. Zinamutengera masabata atatu.

Ndiye funso lake lija linali lachilungamo. Anthu onse aja analimaliza bwanji?

Lachitatu ndinakwera minibasi, ndinakafika pakhonde la Che Amidu dzuwa likadalipo. Onse analipo, ndi alamu omwe. Buku ndinalisiya m'chikwama. Ndinafunsa mwaulemu ngati munthu woiwala: "Akuluakulu, tandikumbutsani. Buku lija limatha bwanji?"

A Chikopa anati munthu uja amalemera n'kugula mzinda wonse. Aphunzitsi anati amamangidwa, monga mmene ziyenera kukhalira ndi wakuba aliyense. Che Amidu anati amapenga n'kumayenda maliseche mumsika. Buku limodzi, mapeto atatu! Ndipo palibe amene anadabwa ndi yankho la mnzake. Aliyense ankangovomereza ndi mutu, maso ali pabawo.

Ndinatulutsa bukulo, n'kuwaonetsa masamba opindikapindika ndi nthunzi, n'kuwauza kuti mpaka mwezi wathawu theka lonselo linali lomatana, ndipo amene analitsegula ndi Esinati.

Munthu ungaganize kuti achita manyazi. Kuti?

"Ine ndimadziwiratu kumene nkhani ikulowera," anatero a Chikopa. "Wailesi sindidikira kuti ndiimasule yonse kuti ndidziwe chavuta."

"Mphunzitsi weniweni," anatero a Zuze, "amaona ndime yoyamba n'kudziwa mwana amene walephera."

Che Amidu okha ndi amene anaseka. "Aaa, ine ndinangomva kwa aphunzitsiwa. Bukulo ndinkatsamiritsira chitseko kuti mphepo isamatseke."

Alamu anga sanaseke. Anali atangolowa kumene bawo. Anaika nkhomo zawo pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ine, osati enawo. "Nanga inu, alamu, munalimaliza?"

Ndinati ayi. Anavala chipewa chawo n'kumapita osatsanzika.

Abale anga, khalidwe limeneli tinalitenga kuti? N'chifukwa chiyani munthu wa m'tauni muno amaona ngati kunena kuti "sindikudziwa" ndi kuvula pagulu? Kwerani minibasi ya ku Bangwe, mufunse za mankhwala atsopano a malungo. Simufika ku Limbe musanamve madokotala asanu ndi awiri, ndipo palibe mmodzi amene anaonapo ngakhale botolo lake. Pitani pamaliro ku Zingwangwa, mufunse chimene chapha malemu. Amene akuyankha mokweza kwambiri ndi uja amene sanapondeko kuchipatala kukazonda. Wosimba bwino kanema wa m'tauni ndi amene anangoona chithunzi cha pakhomo.

Ndipo tikakhala ndi ka satifiketi m'sutikesi, matendawa amakula. Timayankhula mozungulira, kuponyamo timawu ta Chizungu tiwiri titatu, kuti wosaphunzira aone ngati tafika pansi pa nkhani. Iye amatikhulupirira, chifukwa anamuuza kuyambira ali mwana kuti amvere ophunzira. A Mailosi sanalakwe kufunsa. Anafunsa anthu anayi amene ankawalemekeza, ndipo tonse anayi tinawayankha ndi mpweya.

Sindikunena kuti munthu asamanene maganizo ake pa buku. Nenani! Ngati lakutopetsani pa tsamba lachisanu, liponyeni uko, ndipo munene kuti linakutopetsani pa tsamba lachisanu. Palibe mlandu pamenepo. Chimene chikundikwiyitsa ndi ichi chopeka mapeto, n'kumawagawa pakhonde ngati uthenga wochokera kumwamba, osaganiza kuti pambali pakhala munthu amene adzapita nawo kunyumba kukaweruzira mwana wake.

Tsiku lija Esinati atabweretsa bukulo, ndinayesa kuzemba funso lake lija ndi funso langa. "Nanga iwe amene walimaliza, ukuti bwanji?"

Anaganiza kaye. "Poyamba limavuta, malume, mawu ambiri ndi ongopeka mwini wake. Pena limathamanga mpaka umasochera. Koma za kompyuta ya ku ofesi kwathu mulibemo. Ine ndinkangoona Ndirande: anthu kupanikizana, aliyense akugulitsa kanthu, ena akukonza zinthu zimene olemera anataya. A Chikopa akanalimaliza akanadzipezamo."

Mwa owerenga onse a bukuli, awa ndi maganizo okhawo amene ndingakupatseni ndi mtima umodzi, ndipo achokera kwa munthu amene poyamba panalibe womufunsa.

"Nanga limatha bwanji?" ndinafunsa.

Anatenga chikwama chake. "Werengani nokha, malume. Masamba ndakutsegulirani."

Ndinamuperekeza mpaka pokwerera minibasi. M'njira anandiuza kuti kompyuta ija ili pakona ya ofesi, yofundikidwa ndi nsalu, ikudikira mwini wake abwere kuchokera ku Lilongwe. Popeza tebulo lake ndi limene lili pafupi, abwana anamupempha kuti aziipukuta fumbi m'mawa uliwonse, asanakhale pamakina ake akale.

Inu amene mwakhala pakhonde madzulo ano, nkhani ili pakamwa, tayang'anani kaye amene wakhala pambali panu akumvetsera. Mwaliwerengadi mpaka kumapeto, kapena nanunso mukufuna mwana wa mnzanu azikapukuta fumbi?