Buku likatha

Amuna anga atayamba matenda oiwala, mwana wathu anawaikira pulogalamu ya tchesi pa tabuleti. Ndikaweruka kuchipatala, komwe ndinali namwino, ndinkawapeza akusewera patebulo la m'khitchini, m'nyumba yathu ya ku Evington, kuno kutsidya kwa nyanja.

Masewera akamayamba, kompyuta inkayankha pompopompo, iwonso chimodzimodzi, ngati anthu opatsirana njerwa. Pakatikati inkayamba kuchedwa. Mwana anandifotokozera, m'Chingerezi chake chija, kuti koyambako siganiza. Ili ndi buku la mayambidwe amene akatswiri anasewera kale, imangotsatira. Buku likatha m'pamene imaganiza yokha, ndipo ukafuna kuitulutsa msanga m'bukumo umasuntha mopusa.

Bambo ake buku lawo linali m'mutu, la kale akuphunzitsa ku Zomba. Koma likatha ankangoyang'ana, kenaka n'kudina kuti ayambirenso.

Anthu a kutchalitchi ankandipsetsa mtima. Akabwera Lamlungu, amuna anga ankaimirira n'kuwapatsa moni wonse, wa kunyumba ndi wa ana womwe, osaphonya. Potuluka wina ankati, "Asisita, musadandaule, akurikava awa, akuchira ndithu. Atilonjera bwinobwino." Ndinkangoti zikomo, mumtima ndikuti tiyi mwamwa, njira ndi iyo.

Mantha anga anali amodzi. Inenso ankandilonjera bwinobwino m'mawa uliwonse, koma kodi ankadziwa kuti ndine mkazi wawo? Kuwafunsa ndinkaopa.

Tsiku lina masana kukuwaza mvula, ndinatulutsa bolodi yathu yamatabwa. Tchesi anandiphunzitsa ndi iwowo tili pachibwenzi, ndipo ndinali ndi chizolowezi choyamba ndi kaponi, kamsilikali kakang'ono kaja, ka m'mphepete. Sankalekerera. Ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, kameneka kakulakwira chiyani?" Tinakwatirana, tinabereka, tinawoloka nyanja, funso lili lomwelo.

Ndinakankha kaponi ka m'mphepete, dzanja n'kulisiya pomwepo kuti aligwire.

Anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Anaimirira, anakonza kolala, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Takulandirani, mayi. Nanga kunyumba mwasiya ali bwanji?"

Ndasamalira odwala ambiri, koma palibe chinandipweteka ngati ulemu umenewo. Ndinawayankha kuti onse ali bwino, n'kubwezera kaponi kaja pamalo pake.