Chala Chimene Chinaloza a Tionenso

Amuna anga sakhulupirira munthu. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadzati sindinakuuzeni. Mukawapatsa moni wansangala, amayamba ayang'ana m'manja mwanu kuti mwina mwabwera kudzapempha. Mukawapatsa moni wozizira, amati muli nawo chifukwa. Wailesi ikalengeza kuti lero kuwala dzuwa, iwo amatuluka ndi ambulera. Chilichonse chimene mungawauze yankho lawo ndi limodzi: "Tionenso." N'chifukwa chake msewu wathu wonse umawatchula kuti a Tionenso, ndipo ngakhale ine mkazi wawo dzina lawo lenileni ndimalikumbukira tikakangana basi.

Ntchito yawo ndi yosoka nsapato. Anaiyamba asanandikwatire, ndipo benchi yawo inali kunja kwa mpanda wa polisi, pansi pa mtengo, pomwe pamadutsa anthu opita kumsika ndi kuchipatala. Malowo sanali awo. Apolisi anangowalekerera, chifukwa jombo ya wapolisi ikang'ambika inkasokedwa nthawi yomweyo, nsapato za ena zikudikira.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankakwiyitsa anthu. Ukawabweretsera nsapato, ankatenga yong'ambika yokhayo, inzake n'kukubwezera. Pobwera kudzatenga unkayenera kubwera ndi inzakeyo. Ankaziika pamodzi, kuyang'ana kukula kwake, kuyang'ana mmene zidendene zathera, kenako kukuyang'ana iweyo kumaso. Nsapato zonse zosiyidwa ankazipisa mu waya wautali n'kuumangirira ku mwendo wa benchi. Tsiku lina anabweza abusa athu chimanjamanja chifukwa anabwera opanda inzake. Ine ndinachita manyazi mpaka ndinajomba kutchalitchi. Komabe anthu ankabwera, poti pa benchi imeneyo sipanasowepo nsapato ya munthu.

Koma Mulungu naye amadziwa kuseka. Munthu wokayikira aliyenseyu anamupatsa nkhope yofanana ndi aliyense. Si aatali, si aafupi, alibe chipsera, alibe ndevu, alibe dazi. Pa ukwati wathu azakhali anga anakumbatira munthu wina n'kumufunira banja labwino, amuna anga ataima pomwepo atavala suti. Nkhope imeneyi ndi imene apolisi ankawakondera. Akagwira munthu woganiziridwa mlandu, lamulo limati amuimike pamzere pakati pa anthu ena ofanana naye, kuti wodandaula amuloze yekha popanda womuthandiza. Ndiye wapolisi wina wamkulu thupi, amene tonse tinkangomutcha Sajeni, ankatuluka pageti n'kumatola amuna odutsa mumsewu. Woyamba kutoledwa nthawi zonse anali amuna anga.

"Madala, tasiyani kaye singanoyo mudzatiimire pamzere."

Ankadana nazo koopsa. Ankabwera kunyumba akung'ung'udza kuti tsiku lina zidzawavuta. Koma akanakana bwanji, benchi ili pakhoma la eni ake?

Tsikulo linafikadi. Namwino wina analandidwa chikwama m'mawa akupita kuntchito. Wakubayo anamukankhira mu ngalande, mayiyo n'kuthyoka mkono. Apolisi anagwira bambo wina wopenta nyumba amene ankagwira ntchito chapafupi, ndipo mwa chizolowezi Sajeni anatola amuna anga ndi ena odutsa n'kuwaimika pamzere kuseri kwa ofesi. Namwinoyo analowa mkono uli mu bandeji. Anayenda pang'onopang'ono, anamudutsa wopenta uja osaima n'komwe, n'kudzaima pamaso pa amuna anga. Anakweza dzanja labwinolo.

"Ndi uyu."

Sajeni anaseka.

"Aaa, mayi, awa ndi athu, amatisokera jombo. Mwatopa inu. Tatulukani kaye mukamwe madzi." Ndipo anatembenukira kwa amuna anga. "Madala, pitani, nsapato zikukudikirani."

Atabwerera pa benchi anasuzumira pa mpanda, poti kusuzumira ndiye luso lawo. Anaona Sajeni akulankhula ndi namwino uja pamthunzi kwa kanthawi, kenako onse awiri analowanso mkati. Amuna anga anamasula waya, analonga nsapato m'thumba, n'kubwera kunyumba dzuwa lili paliwombo, zimene anali asanachitepo. Anakhoma chitseko, anatseka makatani, n'kukhala pakona ngati nkhuku yonyowa. Atandifotokozera ndinawauza kuti atseke pakamwa, nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo. Kwa nthawi yoyamba m'banja lathu anagwirizana nane osati tionenso.

Panapita miyezi. Ife tinali titayamba kuiwala, koma wopenta uja anali akadali m'ndende kudikira mlandu. Masana ena kunabwera mayi wachilendo pakhomo, mwana ali kumbuyo. Anati ndi mkazi wa wopentayo. Amuna anga anamusiya ataima pakhonde, iwo akulankhula chitseko atachigwira.

"Wakulozerani kuno ndani?"

"Ndafunsa kumsika, bambo. Amuna anga akuti munali nawo pamzere."

"Ine ndimaima pamizere yambiri."

"Akuti namwino uja analoza inu poyamba. Atakutulutsani anawaimikanso, ndiye m'pamene analoza amuna anga. Koma kukhoti apolisi anena kuti mzere unali umodzi, ndipo mayiwo sanazengereze. Chikwama sichinapezeke. Umboni wonse ndi chala chimenecho basi. Enawo anali odutsa, sitikudziwa kowapeza. Mwatsala inu nokha."

Amuna anga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndikudziwa kuti anayang'ananso mwanayo ngati anali wakedi.

"Ndiye mukuti ndikaime pamaso pa woweruza, ndikanene ndi pakamwa panga kuti mwini chikwama analoza ine? Mayi, mukufuna amuna anu atuluke, ndilowe ine?"

Mayiyo anangosuntha mwana kumsana n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Ine chisoni chinandigwira, sindibisa, koma mantha anali aakulu kuposa chisonicho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mopwetekamo simunali mwathu.

Kenako kunabwera loya wa wopentayo, mmodzi mwa amene boma limapereka kwa anthu osauka, jekete lake litayera m'zigongono. Anafotokoza modekha kuti malamulo aakulu a dziko amati munthu aliyense ndi wosalakwa mpaka khoti litapeza umboni wokwanira, ndipo mboni siimangidwa chifukwa chonena zoona. Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi.

"Amakulipirani ndani inuyo?"

"Boma, bambo."

"Nanga Sajeni amamulipira ndani?"

Loyayo anaseka pang'ono, koma amuna anga sanaseke. Anati tionenso, n'kumuperekeza mpaka pamsewu kuti aone ngati kunja kukumudikira galimoto ya polisi.

Amene anawasintha maganizo sanali mayi wamwana uja, sanalinso loya. Anali Sajeni mwini wake. M'mawa wina anabwera pa benchi wopanda jombo yoti isokedwe, atanyamula botolo la chakumwa chozizira. Anakhala pansi, anafunsa za ine, anafunsa za ana, anayamikira mmene amuna anga amakokera ulusi.

"Madala, ndamva kuti pali anthu akuyendayenda kwanu. Inu ndinu wamkulu. Zinthu zakale ngati zija simungazikumbukire, eti? Komanso mthunzi uwu ndi wabwino, ambiri amaufuna."

Amuna anga anabwera nalo kunyumba botololo lisanatsekulidwe, analinunkhiza, n'kukalikhuthulira mu ngalande.

"Mayi," anatero, "munthu uja zaka zonsezi sanandipatsepo ngakhale madzi. Lero wandigulira chakumwa. Ndiye kuti akuopa."

"Akuopa iye, ife zikutikhudza chiyani? Abambo, mukufuna tidye chiyani akakuchotsani paja?"

"Tamverani. Lero mzere wawo wamanga wopenta. Mawa akadzasowa wopenta, chala chija chili kale pa ine. Ngati khoti silimva mmene mzerewo umayendera, udzandimanga ine, ndipo sipadzakhala woti akandinenere."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinawauza kuti walira mvula walira matope. Iwo anangotulutsa suti ya ukwati ija n'kuiyanika padzuwa kuti ichoke fungo la m'sutikesi.

Khotilo linali kachipinda kotentha, mabenchi olimba, fani ikuzungulira mwaulesi. Theka la anthu a mumsewu wathu linali momo, poti nkhani ya eni imakoma. Amuna anga asanakhale pansi anagwedeza benchi kuti aone ngati ili yolimba, n'kuyang'ana kumene kuli zitseko. Wopenta uja anali kutsogolo, atawonda, khosi la malaya likumukhwepa. Namwino anakhala chakumanzere, dzanja lina litagwira mkono unathyokawo.

Amuna anga ataitanidwa analumbira, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira, osawonjezera, osachotsera. Ndiye anaimirira wapolisi woimira boma pamlanduwo, akumwetulira.

"Bambo, mwanena nokha kuti mayiwa analoza inu. Tatiuzani, m'mawa umenewo inuyo munali kuti?"

M'chipindamo munamveka kanthu ngati mphepo, anthu akusunthasuntha pamabenchi.

"Ndinali pa benchi yanga."

"Alipo anakuonani?"

Woweruza, mayi wa magalasi amene nthawi yonseyi ankangolemba, anadzutsa mutu.

"Bambowa abwera ngati mboni. Amene akuzengedwa mlandu si iwowa. Funsani zina."

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti zoopsa zatha, osadziwa kuti m'pamene zikuyamba. Loya uja anapempha kuti namwino aitanidwenso, ndipo woweruza anamufunsa yekha ngati zimene amuna anga ananena zinali zoona. Mayiyo sanali munthu wabodza, n'zimene zinatipweteka.

"N'zoona," anatero akulira. "Ndinaloza awa poyamba. A Sajeni anandiuza kuti ndalakwitsa, ndiyang'anenso amene ali ndi penti m'zala. Koma ine mpaka lero mtima wanga ukuti ndi awa."

Anakwezanso dzanja lomwe lija, n'kuloza amuna anga pamaso pa msewu wathu wonse.

Wopenta anamasulidwa. Woweruza anati chala chotsogoleredwa ndi wapolisi si umboni, ndipo anadzudzula mzere umene unachitika kawiri. Anawonjezera kuti pa amuna anga palibe mlandu uliwonse, poti munthu wogwidwa ndi mantha atha kuloza nkhope iliyonse. Koma mawu amenewa anawanena anthu atayamba kale kunong'onezana, ndipo ndikukayika ngati alipo anawamva. Chimene anatuluka nacho anthu ndi chala chija.

Sabata yomweyo benchi inachotsedwa pakhoma la polisi, akuti pa zifukwa za chitetezo. Tsopano ili pakhonde pathu. Apolisi sanabwere kudzawamanga amuna anga, ndipo pamenepo loya uja sananame. Koma khoti limamasula munthu m'manja mwa apolisi, silimumasula m'maso mwa anansi. Anthu akabweretsa nsapato masiku ano sazisiya. Amaima pomwepo mpaka isokedwe, ena dzanja lili m'thumba momwe muli foni. Amayi akamadutsa pakhomo pathu amasamutsira chikwama kuphewa lakutali. Pa waya uja pamakhala nsapato za munthu mmodzi yekha, wopenta, amene amabweretsa ngakhale zosang'ambika, ndipo amasiya zonse ziwiri amuna anga akane asakane.

Zonsezi ndinkazipirira. Chimene chinandithyola ndi cha mwezi watha. Kunabwera achemwali awo a amuna anga, obadwa bere limodzi, amene amuna anga anawaphunzitsa sukulu ndi singano yomweyi. Tinakhala pabalaza, tinamwa tiyi, tinaseka za ana. Kenako alamu angawo anati akasambe m'manja panja. Anaimirira, anafika pachitseko, anaima pang'ono, n'kubwerera kudzatenga chikwama chawo chimene chinali pampando pafupi ndi achimwene awo. Anachita ngati akufunamo kampango. Koma ndinaona, ndipo amuna anga, amene saphonya kanthu, anaonanso.

Ndinadzuka kuti ndiwatsatire panjapo ndikawauze mawu oti sadzawaiwala. Amuna anga anandigwira mkono.

"Asiyeni, mayi. Ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi."

Alendo atapita ndinawapeza pakhonde, nsapato ya wopenta ili pamwendo. Mkwiyo unali usanandithere.

"Mwaona tsopano? Benchi yapita, makasitomala apita, lero ndi achemwali anu. Mukanadziwa kuti zidzatere, mukanapita kukhoti kuja?"

Ndinkadikira yankho lawo la masiku onse, limene ndalimva kuyambira ndili mtsikana. Silinabwere.

"Ndikanapita," anatero.

Anayesa kupisa ulusi pa singano, ulusi n'kuphonya. Anayesanso, n'kuphonyanso. Kenako anandipatsa ine kuti ndiwapisire, akuti maso akuwavuta.