Mapepala a agogo anapita ndi zitumbuwa

Fungo la fodya wouma likandipeza, ngakhale ndili m'minibasi pakati pa tauni, ndimawaona agogo a Mbewe atakhala pa kampando kawo m'chigafa kwathu kufupi ndi Nsaru, masamba akulendewera pamwamba pa mutu wawo, nkhunda zikulira padenga, pensulo ili m'dzanja ndipo lilime litatuluka pang'ono ngati mwana wa Sitandade 1.

Sukulu sanaipondeko ali mwana, ubwana wawo wonse unathera kubusa. Zilembo anaziphunzira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha, komwe mwamuna anali iwo okha pakati pa amayi. Anzawo a pabawo ankawaseka kuti akufuna kukakhala kalaliki kumanda. Koma kulemba kunali kutawalowa m'magazi. Teremu ikatha ankatola makope athu akale, n'kuthothola mapepala amene kumbuyo kwake kunalibe kanthu, n'kumalemba pamenepo. Mulu ukakula ankausoka ndi ulusi wosokera mabelo.

Zimene ankalembazo palibe ankazidziwa. Ndikayandikira ankaphimba ndi chipewa, amvekere mkazi wabwino sapisa m'thumba la mwamuna wake. Paja ankanditcha mkazi wawo, monga achitira agogo ndi adzukulu. Akazi awo enieni, agogo a Nankhoma, anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo panalibe chithunzi chawo ndi chimodzi chomwe. Atasudzulidwa pambuyo pa malirowo, agogo a Mbewe anayenera kubwerera kwawo ku Kabudula, koma amayi anga, mwana wawo yekhayo, anakana kwamtuwagalu, ndiye anakhala nafe.

Loweruka lina, ndili Sitandade 4, amayi anakazinga zitumbuwa zodzaza beseni kuti tikagulitse kumsika, koma nyuzipepala yokulungira inali itatha. Anandituma kuti ndikasake mapepala msangamsanga dzuwa lisanakwere. Agogo anali kudimba. M'chigafa, pansi pa njerwa, ndinapeza mulu wa mapepala osasoka, pamwamba pake pali masamu anga omwe a chaka chatha, inki yofiira ya aphunzitsi ili psuu. Mutu wangawu, abale. Sindinatembenuze n'komwe. Ndinati awa ndi anga, ndinawapinda n'kuthamanga nawo. Kumsika tinkang'amba pepala lililonse pakati kuti akwane, ndipo pofika masana zitumbuwa zinali zitatha, mapepala nawo atatha.

Titabwerako tinapeza agogo atagwada m'chigafa, akusuzumira pansi pa milu ya fodya, akuzinamizira mbuzi. Ndinaulula ndikulira. Sanandimenye, sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya. Anangofunsa kuti zitumbuwazo anagula ndani. M'mawa mwake, kutchalitchi osapita, anakwera njinga n'kumayenda khomo ndi khomo, munthu wamkulu ngati uja kumafunsa za mapepala amafuta. Ena anali atakolezera moto, ena atapichira chingambwe. Anabwera dzuwa litapendeka ndi tizidutswa titatu tosawerengeka, anakhala pansi, n'kundiyang'ana.

"Munali agogo ako aakazi mmenemo," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna udzawadziwe ukakula."

Kuyambira tsiku limenelo pensulo inachoka kukhutu kwawo. Ankati mwina zakhala bwino, munthu wa sukulu ya kwacha angalembe chiyani choti anthu awerenge, Mulungu wangowapulumutsa ku manyazi. Ine zinkandipweteka koopsa. Ndinawapatsa kope langa latsopano limene tinalandira kusukulu, koma anandibwezera, akuti ndizilembamo masamu.

Patapita masabata atatu, tikusankha fodya masana, kunamveka odi. Anali mayi wachilendo, mwana ali kumsana, wolankhula Chichewa cha ku Mulanje. Anati ndi mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya kutsidya, ndipo anafunsafunsa kumsika mpaka anamulozera kwa amayi a zitumbuwa. Atakhala pamphasa anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa theka la pepala, lonyezimira ndi mafuta. Anati analiwerenga akudya chitumbuwa. Linali kunena za mayi amene anamva kuti mwamuna wake wadwala mwakayakaya ku esiteti, nabwereka ngolo kukamutenga yekha, koma pobwerera anapeza mtsinje utadzaza. Pepala linang'ambikira pomwepo. Amuna a mlendoyo nawonso anali chigonere mwezi wachiwiri, ndipo anali atawawerengera kachidutswako katatu. Amayi anga analoza agogo kuti mwini wake ndi awo.

"Ndiye anditumatu amuna anga, bambo," anatero mayi uja. "Kodi anawoloka?"

Agogo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Akanapanda kuwoloka, mayi, mukanandipeza pano?"

Mayi uja anagwira pakamwa, kenako tonse tinaseka, amayi akupukuta misozi ndi chitenje. Agogo anayamba kufotokoza nkhaniyo pakamwa, koma mlendoyo anawadula mwaulemu. Anati iye ndi woiwalaiwala, akafika kunyumba nkhani itatayika m'njira, ndipo wodwalayo akufuna ya papepala, yoti aziwerengeredwa akasowa tulo. Agogo anakanda m'mutu, anatsokomola, anayang'ana kudenga kwa chigafa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Akazi anga, kope lija likadalipo?"

Sindinathamangepo ngati tsiku limenelo.

Nkhani ija anailemba yonse kachiwiri, akudandaula kuti mawu ena okoma anapita ndi zitumbuwa ndipo akukana kubwerera. Mayi uja ankabwera Lachisanu lililonse kudzatenga masamba atsopano n'kubweza akale, mpaka fodya atagulitsidwa, iye ndi amuna ake, omwe anali atachira ndithu, anabwerera kwawo. Chipewa chija sichinaphimbenso kanthu. Ndinkakhala pambali pawo n'kumawasongolera pensulo ndi lezala, iwo n'kumandifunsa ngati mwakutimwakuti zikumveka.

Agogo anatisiya ndili Fomu 1. Inenso sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera Fomu 2, ndipo lero ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Njewa. Makasitomala akachepa ndimatulutsa kope pansi pa makina n'kumalemba zangazanga, popanda wondiphunzitsa, ndipo anzanga osoka amandiseka momwe ankasekera a pabawo aja. Masamba a agogo ndili nawo, osokedwa ndi ulusi wa mabelo, pamodzi ndi kachidutswa kamafuta kaja. Nkhope ya agogo a Nankhoma sindikuidziwa, koma ndikudziwa kuti anamanga chitenje m'chiuno, anagwira chingwe cha ng'ombe, nalowa m'madzi akuzikalipira kuti zisawachititse manyazi. Ndimawasowa onse awiri, ngakhale mmodziyo sindinamuonepo. Ndipo mpaka lero ndikagula chitumbuwa, ndisanalume, ndimayamba ndatembenuza pepala.