Chipewa Chokwana Ndimu

M'chigwa chonse cha Domasi, kuyambira ku Naisi mpaka ku Mishoni, palibe mwamuna amene anazama pa sayansi ya ulusi ngati ine. Ndikunena modzichepetsa, monga munthu amene koleji anangoilawa n'kuibweza. Ntchito yanga yoyamba inali chipewa cha khanda, ndipo chinakwana ndimu.

Ndinali ndi zaka khumi. Achemwali anga a Esinati anali ndi pakati, tsiku litayandikira, nyengo imene mphepo yotsika m'phiri la Zomba imaluma makutu. Zala zawo zinatupa, kuluka kunakanika, ndiye mwana akanafikira m'chisanu mutu uli pamtunda. Mtsikana wina m'nyumba munalibe. Udindo unagwera ine.

Koloshi wanga wolukira anali sipoko: wokonza njinga pamsewu anainola n'kuisema kangowe kunsonga. Ulusi tinamasula ku juzi yakale ya pakaunjika, wopotanapotana, wonunkhabe sopo.

"Panga kamfundo, lowetsa koloshi, kola ulusi, koka," anatero achemwali. "Imeneyo ndi tcheni. Ukatero uzibaya m'maso mwa tcheniyo, kola, koka."

Ine poti ndine mwamuna ndinkakoka ngati ndikumanga mbuzi yothawathawa. Pofika mzere wachiwiri maso onse anali atatsinzina, koloshi osalowa. Ndinakakamiza, lilime lili panja, mpaka chinthu chinatuluka, cholimba ngati chikamba cha fulu.

Achemwali anachiveka chala chawo chotupa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, wamva kuti ndikubereka ndimu?"

Anakoka nsonga ya ulusi, chipewa chonse n'kusungunuka ndikuona. Ndinalira mokweza, mosasamala za udindo wanga.

"Ukulira chiyani? Ulusi watha? Yambiranso, koma uzisiya mpata. Diso limene waluka lero, mawa udutsa pomwepo."

Ndinamasula dzanja, koloshi anayamba kuyenda yekha. Mwana anatuluka m'chipatala atavala chipewa chopendekeka pang'ono, ngati cha msilikali woledzera. Lero ali ku sekondale, makutu onse awiri alipo.

Nditabwerako ku koleji chimanjamanja, ndinakhala pakhonde ndikudziona ngati chipewa cha ndimu chija. Achemwali sanandilalikire. Anangondiponyera sipoko yanga pamwendo.

"Ulusi watha?"

Sunathe. Panopa makanda ambiri a kuno amapita kusikelo atavala ntchito ya manja anga, ndipo ndikudziwa kuti chomasulidwa sichinatayike, chimalukikanso. Maphunziro onsewa malipiro ake anali nzimbe imodzi, ya wokonza njinga uja. Theka lake ndinali nditadya kale panjira.