Zilembo Zopanda Michira

Boma linanditumiza ku Neno ngati wazaumoyo, koma chimene chinandimanga miyendo kumeneko ndi burashi. Kuchokera ku Mwanza kunabwera kabuku kosonyeza mmene zikwangwani za m'zipatala ziyenera kulembedwera. Zilembo zake zinali zowongoka, zopanda michira, zonenepa mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndisaname, ndinazikonda. Munthu ankaziwerenga ali kutsidya kwa msewu, ndipo zinalibe tsankho: "Chimbudzi" ndi "Kolandirira Mankhwala" zinkaoneka zaulemu chimodzimodzi. Ndinatenga rula ndi penti, ndikulemba zitseko zonse za kachipatala kathu.

Kudzionetsera kwangako kunandigwetsera m'mavuto. A tcheyamani a chipani a m'dera lathu, bambo wolima mbatatesi amene ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anabwera kudzatsukitsa bala la pamwendo. Anaima pakhonde nkuyang'ana zitseko zija nthawi yaitali.

"Walemba izi ndani? Makina?"

"Ndine, bambo."

"Basi, mwapezeka."

Kuyambira pamenepo nsalu iliyonse ya msonkhano wa chipani inkafikira kwa ine. Kukana kunalibe. Masiku amenewo munthu ukati watopa, funso linali lakuti watopa ndi yani.

Chaka china chakumapeto kwa chilimwe, mitambo itayamba kusonkhana, dalaivala wa ambulansi anandibweretsera uthenga wochokera kwathu ku Mchinji. Bambo anga anali atasiya kudya ndipo ankanditchula. Akuluakulu a kuchipatala anandilola kupita. Koma sabata yomweyo kunamveka kuti nduna ibwera kudzayendera dera lathu, ndipo a tcheyamani anatula pakhomo panga mpukutu wa nsalu yoyera. Pankafunika nsalu zopachika pamlatho, pasukulu, pamsika ndi pabwalo la msonkhano, iliyonse yokhala ndi dzina la mtsogoleri wa dziko ndi maulemu ake onse osadumpha ngakhale amodzi.

Ndinawafotokozera a tcheyamaniwo za bambo anga. Anamvetsera bwinobwino, mpaka kupukusa mutu mwachisoni.

"Pepani kwambiri. Mukangomaliza, ine ndemwe ndikakukwezani galimoto."

Ndinaganiza nzeru. Ubwino wa zilembo zopanda michira ndi wakuti zimaboolekera mosavuta. Ndinali ndi mafilimu akale a ekisile amene odwala ankabwera nawo kuchokera ku Mwanza nkuwasiya. Ndinajambulapo zilembo, ndikuzidula ndi lezala, nthiti za anthu zikuoneka mkati mwa A ndi M. Ukayala filimu pansalu nkupaka penti, chilembo chinkatuluka chenicheni. Ndinaitana aphunzitsi awiri a pasukulu yapafupi, anayesa, ndipo palibe akanasiyanitsa dzanja lawo ndi langa. Ndinathamangira kwa a tcheyamani ndi nsalu ya aphunzitsiwo mtima uli m'malo, chikwama nditalongedza kale.

Anagwira nsalu ija nkuyang'ana kudzuwa.

"Ndiye walemba ndani apa?"

"Aphunzitsi, bambo. Sizikusiyana, eti?"

"Vuto lake ndi lomwelo. Penti ikadontha pa dzina ili, akandifunsa kuti wadonthetsa ndani, ndiloza yani? Zilembo zanuzi zilibe mwini. Ndikufuna munthu mmodzi, woti ndikudziwa pamene amagona."

Sanakalipe. Ankaopa ngati mmene ndinkaopera ine, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa ndinasowa womuda. Aphunzitsi aja atamva, anasamba m'manja ndi palafini nkubwerera kusukulu mosatsanzika. Mafilimu anga a tcheyamani anawatenga kukasunga kwawo, ati angagwere m'manja mwa anthu oipa nkulembera zina.

Ndinagwada pasimenti ya pakhonde ndi rula, chilembo chimodzi chimodzi. Kufulumira sikunkatheka. Zilembo zokhotakhota zimabisa dzanja likanjenjemera, koma izi zimakuulula, mzere ukapendama pang'ono aliyense amaona. Amayi obwera kusikelo ankandilambalala ndi ana kumsana nkumati, "Koma adokotala awa ndi aluso!" Ine maso ali kumapiri kumene mitambo inkada tsiku ndi tsiku.

Nditamaliza nsalu yomaliza, kunabwera mawu akuti nduna yasintha tsiku, ndidikire mwina maulemu awonjezeka. Kenako mvula inagwa. Amene anakhalako ku Neno zaka zimenezo akudziwa msewu wake: dothi lofiira loterera ngati therere, galimoto zikugona pachitunda. Ambulansi inasiya kubwera. Nduna nayo sinabwere konse, ndipo nsalu zija anazipinda nkuziika m'kabati ya kusukulu.

Ndinatsika wapansi mpaka ku Lisungwi, nsapato zili m'manja, ndikupeza lole ya makala. Ku Mchinji ndinafika manda a bambo atayamba kumera udzu.

Mayi anga anandilandira chikwama. Anandipatsa madzi osamba, ndipo m'mawa mwake ananditengera kuseri kwa nyumba kumene anaimika mtanda wa thabwa, wosalembedwa. Abale anafuna kulembapo ndi makala tsiku la maliro, koma mayi anakana, ati mwana wawo ndiye amadziwa kulemba.

Ndinabwereka penti kwa wokonza njinga. Dzina la bambo anga ndi lalifupi ndipo analibe maulemu, choncho ntchito inatha phala lisanapse. Mayi sadziwa kuwerenga. Anawerama nkuyang'ana zilembozo chimodzi chimodzi, kenako anandiyang'ana ine.

"Wamaliza kale? Ndiye zimene zinakuchedwetsa kumeneko ndi zimenezi?"