Chimimba cha Ndege ku Kalingalinga

Lachiwiri lapitali ndinatsika minibasi ku Kalingalinga kukaona mwana wa mlongo wanga, Yotamu. Iyeyu amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu muja, pakati pa opala mabedi ndi opanga mageti. Ntchitoyo ndinamuphunzitsa ndine, manja anga asanayambe kunjenjemera.

Pakhomo pa shedi yake ndinapeza chinthu chachitali ngati bwato, chitagonekedwa pa matayala awiri akutha. Chinali cha faiba, chosongoka kutsogolo, chili ndi tizitseko m'mbali. Mayi wina wootcha chimanga pafupi pomwepo anali atauza kale anthu kuti ndi bokosi la maliro la anthu olemera.

"Ni chimimba cha ndeke, ba malume," anatero Yotamu akuseka. "Bamanga pansi pa ndeke, baikamo katundu."

Anandifotokozera kuti mwini famu wina wa ku Mkushi ali ndi kandege kake konyamula anthu ochepa. Anagula chimimbachi kunja kwa dziko, chogwirapo kale ntchito, koma chinafika chopanda zitsulo zochimangirira. Akatswiri a kubwalo la ndege anamuuza kuti adikire zitsulo zake zenizeni ndi mapepala ake. Kapitawo wa pafamupo anaona kuti kumeneko n'kuchedwa, ndiye anachikweza pa galimoto n'kubwera nacho kwa anthu opanga mageti kuti amuwotcherere zitsulozo.

Mwamva bwino, abale anga? Chinthu chodzauluka pamwamba pa mitu yathu, chigwidwe ndi zitsulo zotsala pa geti ya munthu.

Ndinakhala pa chigubu.

M'kati mwa kachitseko kena munali kachikwangwani kakang'ono. Ndinavala magalasi n'kuwerenga monga ndimawerengera masiku onse, chala chili pansi pa mawu. Kanali kunena makilo amene chimimbacho sichiyenera kupitirira. Yotamu anali atagwira kale sandipepa, chifukwa kapitawo analamula kuti chonse chipakidwe penti wofanana ndi wa ndege. Nditafunsa kuti akufuna kunyamuliramo chiyani, anati masipeya a thirakitala, mankhwala a ng'ombe, mbewu, chilichonse chimene chingalowe. Akuti kapitawo anasuzumira m'katimo n'kunena mokondwa kuti malo alipo.

Malo alipo. Ndani wa ife sanawamvepo mawu amenewa? Kondakitala wa minibasi ya ku Mtendere amawanena atakupanikizani kale, bondo lanu lili pamsana pa mnzanu. Timawanena pokweza anamalira pa lole yopita kumanda. Timawanena pounjika makala pa njinga mpaka wopalasa osaoneka. Ife timayeza katundu ndi maso. Tikafunsa timati, kodi zikwana? Sitifunsa kuti, kodi chonyamulacho chipirira?

Ine si katswiri wa ndege, koma zitsulo ndimazidziwa. Chimimba chimawonjezera malo basi. Sichitalikitsa mapiko, sichipatsa injini mphamvu zina, ndiponso nacho chili ndi kulemera kwake kumene ndegeyo iyenera kusenza chisanalowe ngakhale chibauti chimodzi. Minibasi ikalemedwa imaima pambali pa msewu anthu n'kutsika. Nanga ndege ikaima pambali pa chiyani?

Pali chimene sindinalembepo m'danga lino la nyuzipepala zaka zonsezi.

Ndili ndi ana awiri kale, sindinkadziwa kuwerenga ngakhale dzina langa. Mwini basi ina yoyenda msewu wa ku Chipata anabwera kwa ine kuti ndimukuzire kaliyala wa padenga, achoke kutsogolo mpaka kumbuyo, mipanda yake ikwere. Ndinagwira ntchito yokongola. Pafupi ndi chitseko cha dalaivala panali kachitsulo kolembedwa manambala. Kwa ine kanali ngati litsiro chabe, ndipo ndinakapaka penti kuti basi ioneke yatsopano.

Patapita miyezi ingapo, basiyo inagubuduzika pamakhota a ku Luangwa, padenga itasenza matumba a mtedza ndi njinga. Mayi wina wamalonda anafera pomwepo. Ndinapita kukaiona itakokedwa. Magalasi onse anali ataphwanyika, denga litapindika, koma kaliyala wanga anali wathunthu. Palibe pamene ndinawotcherera panaduka. Anthu ankayamikira kuti amene anapanga kaliyalayu ndi mmisiri, ine ndili chiimire pakati pawo.

Mlandu unagwera dalaivala. Palibe anafunsa kuti ndani anapatsa basi ija malo amene sinabadwe nawo.

Sukulu ya akuluakulu ndinayamba nditapitirira zaka makumi anayi, ndikukhala pa benchi limodzi ndi amayi a kumsika. Tsiku limene ndinakwanitsa kuwerenga ndekha kachitsulo ngati kaja pa galimoto ina, n'kuona kuti kamanena makilo oyenera kunyamulidwa, sindinadye. Mwina mwini basi akanadzaza chimodzimodzi ngakhale ndikanakasiya koonekera. Ndadziuza zimenezo kambirimbiri, koma sizinandigonetsepo tulo.

Zonsezi ndinamuuza Yotamu pa shedi pomwepo, kwa nthawi yoyamba. Amayi ake omwe sazidziwa. Anaika sandipepa pansi. Kenaka anandifunsa ngati ndikuganiza kuti iye akakana, ntchitoyo siipita kwa anzake a shedi yotsatira. Ndinavomera kuti ikhoza kupita. Anandikumbutsa kuti ali ndi ana anayi, ndi kuti ntchito yotere siibwera kawiri. Ndinavomeranso.

"Manje munali kuti masiku yonse aya?" anatero osandiyang'ana. "Munaniphunzisa kuwocha, ba malume. Kukana simunaniphunzise."

Ndinamuphunzitsa kuti mmisiri weniweni sabweza kasitomala, chifukwa nanenso anandiphunzitsa choncho. M'makomboni mwathu munthu wonena kuti "izi sindizidziwa" timamuyesa waulesi kapena wamantha. Wonena kuti "tizaona mochitira" ndiye timamutcha katswiri. Luso limeneli latisunga, sindikana. Lakonza mapampu, mawilibala ndi zigayo zimene eni ake anazitaya. Koma lili ndi polekezera, ndipo amene anatiphunzitsa sanatisonyeze malirewo.

Chimene chikundidabwitsa kwambiri si Yotamu. Ndi munthu wokwanitsa kugula ndege, wodziwa kuwerenga zilankhulo mwina zitatu, amene anauzidwa ndi akatswiri kuti adikire, koma n'kulola wantchito wake kuzemba nacho chinthucho ngati mbuzi yakuba. Ine ndinapaka penti manambala chifukwa cha umbuli. Iwo akufuna kuwapaka atawawerenga.

Lachisanu Yotamu anandiimbira foni. Mawu ake anali ouma, sanandifunse n'komwe za manja anga monga amachitira. Anati wakana, ndipo wauza kapitawo kuti abwerere nacho kubwalo la ndege. Chimimba anachikwezanso pa galimoto, kachikwangwani kali momwemo. Koma galimotoyo siinakhotere njira ya kubwalo. Anaiona ikutsika msewu womwewo pang'onopang'ono, kapitawo atatulutsa mutu pawindo, akuyang'ana shedi ndi shedi.

Sindikudziwa kumene chagona lero. Inu a mwini ndege, sindikukudziwani ndipo dzina lanu sindinalifunse. Tsiku limene mudzachidzaze mpaka pachitseko, pampando wakumbuyo mudzakhazikapo mwana wa ndani?